Chiwindi cha Pulezidenti

Mukandiitana kudzadya, chiwindi cha mbuzi musandiikire. Ndinasiya, ndipo zinandisiyitsa ndi ndale.

Sukulu sindinapondeko, koma wailesi ndimamvera, ndiye ndale ndimazidziwa. Pamene kalabu yathu ya madimba kuno ku Nsaru inkasankha pulezidenti (ena ankati tcheyamani, ine ndinakana, dzinalo ndi laling'ono), ndinaona kuti anthu atopa ndi mbuzi zodya ndiwo zawo. ANangondo, omwe ndinkapikisana nawo, ankanena zomanga mipanda. Ine ndinangoimirira n'kuti, "Mbuzi yopezeka m'dimba, mpeni. Nyama tizigawana, chiwindi n'cha pulezidenti." Anthu anawomba m'manja, mpando n'kukhala wanga.

Mwezi woyamba tinapha ziwiri. Eni ake ankabwera kudzagwada, ine n'kumangoti lamulo ndi lamulo. Masaya anayamba kubwerera.

Ndiye m'mawa wina aNangondo anafika pakhomo akukoka mbuzi, mpiru uli lende kukamwa. Anali Sakhuta, mbuzi yanga imodzi yokhayo.

"Apulezidenti, kodi chigawengachi mukuchidziwa?"

Ndinachita monga amachitira akuluakulu a pa wailesi aja. Choyamba kukana: "Sindinachionepo." Sakhuta atamva mawu anga anabwera n'kuyamba kunditafuna chitenje. Ndinasintha: "Izi ndi ndale basi. Otsutsa auika dala mpiruwu m'kamwa."

"Ndi m'mimbamu taikamonso ndife, eti?" anatero aNangondo.

Pamenepo ndinakhazikitsa komiti yofufuza, wapampando mlamu wanga. Ndinawanong'oneza kuti asafulumire, anthu ayambe aiwala. (Ndinaiwala ndine kuti mlamuyo gawo la mbuzi ziwiri zija linamuphonya, nyama anailawa komaliza pa Khirisimasi.) Dzuwa lisanapendeke kafukufuku anali atatha, mpeni atanola kale.

Chinatsala n'chikhululuko. Ndinaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, nkhope nditaigwetsa ngati ndili pamaliro.

"Abale, mtima wandiuza kuti kupha si kwabwino. Monga pulezidenti, ndakhululukira mbuzi zonse zomwe zili pa mlandu."

"Zilipo zingati?" anafunsa aNaphiri, omwe mbuzi yawo tinayambira kudya.

"Imodzi."

"Nanga yanga ija muikhululukira liti? Paja munati chiwindi chake chinali chofewa."

Pomupha Sakhuta chingwe ndinagwira ndekha, maso nditayang'ana kumbali. Nyama itagawidwa, aNangondo anabwera ndi mbale yovundikira bwino, n'kugwada mwaulemu wonse: "Gawo lanu, apulezidenti. Lamulo ndi lamulo." Ndinadya misozi ikutsika, anthu onse akundiyang'ana (mchere anathira bwino, pamenepo sindinganame). Pa chisankho chotsatira anandivotera ndi anthu awiri, ine ndi mlamu uja.

Chaka chino ndikuimanso. Chilango cha imfa kwa mbuzi ndikuchitsutsa ndi mtima wonse, makamaka poti mwana wanga wandigulira ina. Koma nkhumba, abale anga, zikutha mbatata m'madimbamu. Nkhumba yopezeka m'dimba, mpeni. Ine nkhumba sindiweta. ANangondo ali nazo zinayi.