Ufumu wa a Mbewe ndi Chipinda cha Windo

Lolemba
Chipinda chakutsogolo chikhala chopanda munthu Lamulungu. Mwini wake akubwerera kumudzi. Chili ndi windo, chitseko chokhoma, ndi soketi yakeyake. Ine ndikugonabe m'galaja, mutu pafupi ndi matayala a landilodi. Chipindacho ndikuchifuna.

Vuto ndi lakuti pa nyumba yathu ino ya ku Bertrams, kuno ku Joni, chilichonse ndi voti. Wotsuka bafa, voti. Wogula babu, voti. Chipindanso akuti voti, ndipo ine pa voti sindidutsa chifukwa ndimauza anthu zoona. Demokalase ndi kuwerenga mitu osayang'ana zili m'katimo. Makolo athu sankaimika manja ngati ana a sukulu. Pano pakufunika mfumu. Ndi nduna yanzeru yoinong'oneza za zipinda.

Lachiwiri
Mfumu ndaipeza: abambo Mbewe, akale a m'migodi, lero mlonda ku Troyeville. Zowayenereza: imvi, jasi lalitali, mawu onenepa, khutu limodzi logontha. Ndawagulira tiyi ndi magwinya, mandasi a kuno. Akuti, "Iwe mfana uli ndi mutu." Tayamba bwino!

Lachitatu
Msonkhano pa yadi. Ndikuwauza kuti Azulu ali ndi mfumu yawo, Aswazi ali nayo, ife tikungobalalika kuno ku Joni ngati nkhuku zopanda tambala. Onse akugwedeza mitu. Koma kuti tithetse voti, akuti tivote. Zamanyazi! Ndaimika dzanja, komaliza m'moyo wanga.

Kenako mayi a Chisomo, amene amatsogolera azimayi pano, akuti, "Ngati ndi chikhalidwe, kwathu mfumu imasankhidwa ndi mbumba. Amuna khalani panja." Adzitsekera m'khitchini. Atuluka ndi dzina la a Mbewe lomwelo. Mtima pansi. Koma akuseka chiyani?

Lachinayi
Kulonga ufumu. Nsalu ya kumutu palibe, tawamanga thaulo. Mpando wachifumu ndi mpando wanga wa m'galaja, umodzi wokhawo. Malamulo oyamba: mfumu izisamba poyamba, wolankhula nayo azigwada, wadandaulo azidzera kwa nduna. Nduna ndine!

Mfumu yasamba mpaka madzi otentha atha. Ine ndasamba ozizira, m'chisanu cha ku Joni. Palibe kanthu. Dongosolo limapweteka poyamba.

Lachisanu
Milandu kuyambira m'mawa, yonse pakhomo la galaja. Sopo wasowa. Wina waphika matemba windo la m'khitchini lili chitsekere. Wailesi ya wina ikusokosa. Kale ankatukwana msonkhano, tsopano akutukwana ine. Mfumu ili m'tulo, yachokera kuntchito.

Itadzuka ndagwada, ndaomba m'manja, ndayamba ya chipinda. Yanditembenuzira khutu logontha. Ndazungulira mbali inayo pa maondo. Akuti, "Haikona, mfana, mfumu saifulumizitsa."

Loweruka
Basi ya kumudzi yafika, ndipo yatsitsa Yohane wa ku Dedza, mwana wa mlongo wawo wa a Mbewe. Azimayi akululutira. Ankadziwa kalekale! Mfumu yagamula itakhala pa mpando wanga: "Mwana wa mlongo ndiye wolowa ufumu. Wolowa ufumu agone m'galaja? Chipinda ndi chake."

Choipa n'chakuti akunena zoona. Mwambo ndi womwewo, kwathunso timatero. Ndayesa kunena kuti pa nkhani imodzi yokhayi mwina tingamve maganizo a anthu. Mayi a Chisomo akuti, "Achimwene, dzanja lanu lija tinaliona tonse."

Lamulungu
Chigamulo ndalengeza ndekha pa yadi, ndi ntchito ya nduna. Matilesi a Yohane ndanyamulanso ndine. Chipinda n'chokongola kuposa mmene ndinkachionera panja.

Maganizo anga sanasinthe, ufumu ukuposabe voti. Voti ikanandimana chipinda ndi manja khumi, phokoso tsiku lonse. Mfumu yandimana ndi pakamwa pamodzi, mwaulemu, mwachangu. Ndabwerera kwa matayala anga, ndakhala pansi poti mpando ndilibe.

Dandaulo lina lafika kale kwa nduna. Ndi la Yohane. Akuti windolo likulowetsa dzuwa lambiri.