Zikomo Potisefa, Bwana wa Ngalande

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu Woona za Ngalande Mumzinda,

Pepani bwana, ndagogoda ndi manja onyowa. Ine ndine wowotcherera zitsulo, sukulu ndinatulukira pawindo, ndiye mawu akakhota muwongole nokha.

Ndalemba kuti ndithokoze. Mainjiniya anu atabwera kuholo ya m'dera lathu, anatiuza kuti kale kompyuta inkatha masabata atatu ikuwerengera mmene madzi a mvula angayendere m'ngalande, koma pano imangotenga mphindi zinayi. Akuti chinsinsi chake n'kuchepetsa masamu: imaphunzira mayendedwe akuluakulu a madzi, tizinthu ting'onoting'ono n'kutisefa. Tinaomba m'manja. Inenso ndinaomba, osadziwa kuti kanthu kakang'onoko ndine ndemwe.

Choyamba, zikomo potisefa. Kuseri kwa nyumba yathu ngalande imakhota ngati chigongono, paipi yake ndi yopapatiza, ndipo muli matiresi amene analowamo chaka chatha. Koma pachithunzi chokongola cha kompyuta chimene munationetsa kuholo kuja, madzi amakhota pamenepo mwaulemu ngati ana a kwaya. Ndiye munalemba kuti paipiyo isasinthidwe.

Chachiwiri, munati masamu anuwa amadziwa kuti madzi sayenda molunjika: amazungulira, amabwerera. Simunaname, bwana. Lachiwiri masana anabwerera mpaka kuchipinda kwathu. Liwiro lake lomwe lija, mphindi zinayi. Ndinathamanga kuchokera kushedi komwe ndimagwira ntchito n'kupeza mayi a kunyumba ali m'madzi olekeza m'mawondo, mwana wathu wa miyezi isanu ndi iwiri atamugoneka m'beseni pamwamba pa tebulo. Mpaka lero mwanayo akutsokomola ngati jenereta yotha. Apongozi akuti madzi akalowanso, iwo abwera kudzatenga mwana ndi mayi ake, poti mkamwini wawo akulerera mdzukulu m'dziwe. Masiku ano mtambo ukangoda, ndimasiya chitsulo n'kuthamangira kunyumba.

Chachitatu chinalipo, koma ndachisefa. Ndaphunzira kwa inu.

Pempho langa ndi laling'ono, mwina nalonso lidutsa pa sefa. Mutibwereke kompyuta yanuyo tsiku limodzi la mvula. Tidzaiika bwinobwino pansi, pamkeka pamene pankagona mwana, n'kuifunditsa kabulangete kake. Poti iyo inanena kuti pano ndi pouma, choopa palibe. Ikadzatuluka youma, ndidzabwera ndekha kudzagwada muofesi mwanu. Ikadzanyowa, mutitumizire paipi yaikulu basi. Kuwotchererako musavutike, ndidzachita ndekha, ndipo sindidzasefa kabowo ngakhale kamodzi.

Ine wanu wosefedwa,
Bambo a mwana wa m'beseni