Kapaipi ka M'mimba mwa Nkhosa

Lolemba
Tiyamike wafika kuchokera kunja. Zaka zonsezi pasukulu, ntchito yake n'kukhala ya nkhosa! Nkhosa zili mbwee pa Khombedza pompa. Ndili ndi sabata imodzi yomunyengerera mwana wangayu kuti asabwererenso. Zida zanga:
chambo chowotcha
kanyumba ka ku boma koti atsegulemo shopu ya mankhwala a ziweto
aphunzitsi osakwatira aja a kutchalitchi

Lachiwiri
Ndikumufunsa mwachipongwe kuti amaweta zingati. Akundionetsa pafoni. Nkhosa ya bere amaigonetsa, amaichita opareshoni, n'kulowetsa kapaipi kowonda ngati chingwe cha mbedza mumtsempha wa magazi wa kamwana kali m'mimba. Akasoka, make amadzuka n'kumadya udzu, kapaipi katatulukira pambali. Kwa milungu ingapo kamwanako kamalandira mankhwala kasanabadwe! Ine ulusi m'singano umandikanika. Za shopu ndaiwala kutchula.

Lachitatu
Tili kokaona kanyumba kaja. Foni yake ikulira. Kapaipi ka nkhosa ina katsekeka, magazi aundana. Akulangiza anzake a kuntchito modekha, dzanja lili m'chiuno. M'malo motama kanyumba, ndikuuza mwini wake kuti: "Wangatu ameneyo."

Lachinayi
Aphunzitsi abwera kudzadya nafe. Afunsa okha za ntchito. Tiyamike akufotokoza momwe amatsukira kapaipi tsiku ndi tsiku, ndi momwe amakokera magazi. Aphunzitsi akutuluka thukuta. "Ndili ndi makope oti ndichonge." Chambo chawo ndadya ine.

Lachisanu
Ndikunama kuti mbuzi yanga ya bere ikudwala, ikufunika dokotala wapafupi. Akuigwira pamimba. "Bambo, ili bwinobwino. Ikuoneka kuti ibereka awiri." Manyazi andigwira, komabe manja amenewo ndi odziwa ntchito.

Loweruka
Lero amake a Tiyamike akusenda mtedza, akufunsa osadzutsa mutu: "Ndiye tsiku lina adzaika kapaipi kameneka mwa anthu?"
"Cholinga n'chomwecho, amayi, koma ulendo ukadali wautali."
"Mchimwene wako anandifera m'mimba uja, bwenzi pano ali ndi ana ake."
Chiyambire sitinamutchulepo mwana ameneyo. Ndatuluka ngati ndikukaona khola.

Lamulungu
Kiyi wa kanyumba: ndabweza.
Aphunzitsi: akundipatsira moni patali.
Chikwama: ndanyamula ndekha mpaka pa depoti.
Mtima ukundiwawa, sindinama. Tiyamike akuti, "Bambo, simunandiuzetu kuti nditsale."
"Kwera, nkhosa zikukudikira."
Kunyumba ndapeza amake ali kukhola, akusisita mimba ya mbuzi ija.