Magalasi a Amayi Ali M'dilowa Mwanu

Wolemekezeka Bwana Woteteza Luso la Makolo,

Ndagwada, chipewa chili m'manja, ine mwana wa mayi woluka malichero uja chithunzi chake munachipachika pakhomo la ofesi yanu. Ndabwera kudzathokoza.

Choyamba, zikomo potitsegula m'maso kuti lichero ndi chuma cha dziko. Amayi aluka zaka makumi anayi, ife mbuli tinkangopetera mbewu. Akatswiri anu atabwera ndi tepi yoyezera analamula kuti lichero lisapose mbale kukula, kuti lizilowa m'chikwama cha mlendo wokwera ndege. Tsopano amalipaka vanishi n'kulikoleka pakhoma. Silipeta kanthu, koma kuwala kokha ndiye likuwala.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chipinda choonetsera chija, momwe amayi amalukira pamphasa kuseri kwa chingwe chofiira, alendo akuwajambula.

Chachitatu, ndipo apa misozi yachimwemwe yalengeza m'maso. Wojambula wanu anati magalasi a amayi akuipitsa zithunzi, poti makolo athu sankavala zotere. Anawavula magalasiwo n'kukawatsekera m'dilowa mwanu. Chiyambire tsikulo amayi amasenda nsungwi mongopapasa, ndipo mpeni sudziwa kuti zala zawo n'zotetezedwa ndi boma. Zitatu zili m'nsanza. Bandeji munaletsa, poti nayonso makolo sankaidziwa. Sabata yatha woyang'anira chipinda chija anawachenjeza kuti akapezanso dontho la magazi pa katundu, mphasa ija apatsa wina. Zikundiwawa, Bwana, koma ndine yani ine pamaso pa ophunzira?

Ndapita kanayi kwa mlembi wanu kukapempha magalasiwo. Amandiuza kuti ndidekhe, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Tadekha miyezi isanu, ndipo amayi ngakhale nkhonoyo sangaione.

Tsiku lotsegulira chipindacho ndinakuonani mukuwerenga mawu otamanda makolo, pamphuno panu pali magalasi agolide. Anakukhalani bwino zedi, musavule ayi.

Pempho langa n'laling'ono. Mukapeza mpata pakati pa misonkhano yanu, mutsegule dilowayo amayi aone chimene akudula. Ngati lamulo silikulola, tipatseniko malo m'dilowa momwemo tisungemo zala zawo zotsalazo, poti m'menemo ndiye zinthu zimatetezeka. Zatsala zisanu ndi ziwiri.

Ine wanu wogwadabe,
Mwana wa woluka malichero