Kabolodi Komva Maliro

Amene akuti ndi bodza anyamuke pabenchi pano, akadikire magetsi kwawo. Ine Jailosi Mbewe ndatopa, msana unathera m'matumba a chimanga, mphamvu zopekera nkhani ndizitenga kuti? Ndikunena zimene ndinapanga ndi manja awiriwa pa chigayo chija cha kuseri kwa msika wa Mandevu, pomwe ndinagwira ntchito kuyambira tsitsi lili bii mpaka linayera lokha popanda ufa.

Mwini wake woyamba, malemu ba Zulu, anali ndi lamulo limodzi, lomwenso bambo anga anabwera nalo kuchokera ku Dedza: maliro akamadutsa pamsewu, chigayo chizime. Munthu sapita kumanda chitsulo chikumulalatira. Ba Zulu atatisiya, mwana wawo Kelvin anatulukira ndi nsapato zosongoka n'kuti, "Ba Mbewe, ivi vozimyazimya vasila. Nifuna chigayo chiziyenda na kompyuta, olo papite maliro ya ndani. Mukazimya futi, nchito yasila." Mukumva? Ati zozimitsazo zatha, ndikazimitsanso ntchito yandithera. Mwana amene ndinkamupukuta mamina ine!

Ntchito ndinkaifuna, ndiye ndinangoti chabwino bwana. Ndinakagula kabolodi kobiriwira m'tauni, kompyuta yathunthu koma yochepa ngati chikhatho, ndinakalumikiza ku swichi ya mota, n'kuyamba kukalembera pulogalamu. Abale, kulemba kwake! Ndinalemba kuchokera Lolemba mpaka Lolemba linalo osadzuka pampando, zala zinafupika, zilembo za pa kiyibodi zinafufutika zonse mpaka ndinkangolemba pamtima, ndipo mizere itachuluka kabolodi kanalemera moti tinachita kukanyamula amuna anayi, mmodzi mpaka lero amayenda chopendama. Ndinakaphunzitsa kuyatsa mota pang'onopang'ono kuti lamba asaduke, kuzima mota ikatentha, kulavula mwala usanafike pa sefa, kusiyanitsa mgaiwa ndi ufa woyera pongomva kutsokomola kwa mwini thumba, kubweza chimanga chakuba chili chosagaya, ndiponso kumva magetsi akubwera adakali ku damu la Kariba akumanga nsapato.

Koma pansi penipeni ndinalembapo kamzere kamodzi komwe Kelvin sanakaone. Kamati: ukamva maliro, zima.

Tsiku lachitatu lole ya maliro inachokera ku komboni ya Chaisa, amayi akuimba pamwamba, chigayo chinangoti zii. Kelvin anathamanga kuchokera mu ofesi, n'kundipeza ndakhala pabenchi langa la pakhomo, manja ndapinda. "Nindani wazimya?" Ine ndinati, "Kompyuta yanu, bwana. Manja anga si awa?" Lole itakhota, chigayo chinayambanso chokha.

Kuyambira pamenepo makutu a kabolodi anangokulirakulira. Kanayamba kumva ngakhale jeneza ya abale athu Achisilamu, amene amanyamula mnzawo paphewa popanda kwaya, kankawamva ndi mapazi okha. Kenako kanamva maliro a ku Kalikiliki, tauni yonse ili pakati ndi maminibasi ake akuliza mahutala. Kenako kanazima Lachinayi masana msewu uli mbee, ife n'kudabwa, foni ya ku Dedza n'kudzafika Loweruka kuti azakhali anga anatisiya Lachinayi masana. Mukumva? Tsiku lina kanazima Che Amidu atelala adakalowetsa ulusi pasingano, iwo n'kuti, "Aa, ndiye basi," anamaliza kupinda buluku la mwini wake, n'kugona osadzukanso. Zitatero aliyense wa chifuwa mu Mandevu ankadzuka m'mawa n'kutchera khutu, akamva chigayo chikulira ndiye amwe tiyi.

Kelvin anaitana akatswiri a m'tauni ndi malaputopu awo. Anawerenga mizere yanga sabata zitatu, mmodzi anamera imvi, wina anasiya ntchito n'kukayamba kulalikira pa siteshoni, koma kamzere kaja sanakapeze. Ine phee pabenchi langa, ndikuwaonera.

Musaseke kwambiri, nkhani ikupita koipa. Mvula ya chaka chatha itangoyamba, mkazi wanga Nabanda anamwalira. Tsiku loika ndinakwera pa lole, ndakhala pambali pa bokosi, dzanja lili pa chivundikiro. Njira ya kumanda ndi yomweyo ya pachigayo. Nabanda ankandibweretsera chakudya pakhomo limenelo zaka zonse zija, ankadziwa kulira kwa mota imeneyo kuposa mawu anga. Tinafika pamenepo, amayi akuimba, ine ndikuyang'ana chitseko. Chigayo chinalira. Chinalira ngati palibe chimene chachitika, fumbi la ufa likutuluka pawindo n'kumagwera pabokosi, nyimbo yonse inamira. Ndinalira ngati mwana, abale, osati chifukwa cha imfa yokha, koma manyazi.

Mukufuna kudziwa chifukwa chake? Ndatopa, ndingonena. Kabolodi kaja kalibe makutu. Kamzere kaja kulibe, n'chifukwa chake akatswiri sanakapeze. Kuyatsa mota ndi kuizima ikatentha, zimenezo kamadziwadi, ndinalemba ndine, ndipo wotsutsa abwere tikatsegule. Koma za maliro unali waya wopyapyala womwe ndinaudutsitsa pansi pa simenti kuchokera ku kabolodi mpaka pansi pa benchi langa, pamapeto pake kabatani ka belu la pageti. Ndikaona lole, ndinkaponda ndi chidendene. Tsiku la Nabanda pabenchi panalibe munthu.

Kelvin si chitsiru. Anaona kuti tsiku lokhalo limene Mbewe kulibe ndi limene kompyuta yagontha. Nditabwerako kumaliro anandipatsa chipewa changa ndi kapu yanga mu pulasitiki, ntchito n'kuthera pomwepo. Za waya sanazidziwe, amaganiza kuti ndinkachita ndi foni.

Ndiye inu amake Tisa, musayang'ane kumbali, ndikunena inu amene mumapeta chimanga pakhomo paja tsiku lililonse. Benchi langa lija likadali pomwepo. Mwendo wakumanzere wakumbuyo, pansi pa kachidutswa ka kapeti, pali kabatani. Chifuwa changachi mukuchimva nokha. Tsiku limene lole yanga idzakhote pamsika, mudzakhale pabenchipo, manja mudzapinde bwinobwino, n'kuponda. Akadzafunsa kuti wazimitsa ndani, mudzati ndi kompyuta ya ba Mbewe, imamva maliro.