Peni ya a Andreya Inkaopa Dzuwa

Kuchokera pa Bua mpaka ku Dwambazi panalibe amene sankawadziwa a Andreya, mkulu amene ankaphimba thumba la malaya ndi ambulera, mutu uli padzuwa. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, unkawaona akubwera poteropo, ambulera atayipendeketsa kumanzere, dazi likunyezimira ndi thukuta. M'thumbamo munali peni yomwa inki, ya kathumba ka mphira m'kati, ndipo peniyo ikatenthedwa inkasanza.

"Bambo, mutu ukupsatu uwo," asodzi ankawauza choncho.

"Mutu wanga ulibe mphira m'kati," iwo ankayankha, osaima n'komwe.

A Andreya anali mmisiri wosema mabwato. Manja awo anali okakala ngati khungwa la mkuyu, moti akakupatsa moni unkayamba waona ngati zala zako zabwerako zonse. Kusukulu sanapondeko, ndipo zimenezi sizinkawavuta mpaka tsiku lina, m'zaka zija za Chitaganya, atapita ku ofesi ina ku Boma. Kalaliki anawagwira chala chachikulu ngati akugwira mwendo wa mbuzi, n'kuchidinda papepala, kenako n'kupukuta dzanja lake pakabudula. Kupukutako n'kumene kunawalasa mtima. Tsono Muriel, mwana wa malemu mlongo wawo, amene iwo anamulera kuyambira ali wakhanda, anali atapeza banja, ndipo nkhoswe yake anali iwowo. Nkhoswe imasaina m'buku la ukwati kutchalitchi, anthu akuona. A Andreya analumbira kuti m'buku la Muriel mudzalowa dzina lawo, osati chala.

Peniyo anaipeza kwa mtchona wina wochokera ku Joni yemwe ankafuna bwato. Anangosinthana.

"Bwato lathunthu mwapereka chifukwa cha kamtengo aka?" anafunsa akazi awo, a Sara.

"Si kamtengo ayi. Taonani kukamwa kwake, ndi golide ameneyu."

"Kangawolotse munthu pa Bua?"

"Kawolotsa ine," anatero a Andreya, n'kukabisa m'thumba msanga.

A Lewis, mphunzitsi wa pasukulu ya mishoni, ndiwo anawaonetsa kamwetsedwe kake: kuviika nibu, kukamwa kwa golide kuja, m'botolo la inki, kukweza kachitsulo ka m'mbali, n'kukatsitsa pang'onopang'ono kuti peni imwe. A Andreya anakondwa kwabasi. Tsiku limenelo peni inamwa n'kulavula, kumwa n'kulavula, pamaso pa aliyense wodutsa, mpaka theka la botolo linathera pamkeka wa a Sara. Kuyambira pamenepo nkhani yawo inali imodzi basi. Ukawafunsa ngati mpasa zayamba kukwera mtsinje, yankho linkakathera pa nibu. Kubwereketsa ndiye ayi, ankati peni imazolowera dzanja limodzi, ngakhale kuti dzanja limodzilo linali lisanalembe kanthu.

Inki itatha, a Swaibu, mnzawo wapaubwana amene ankaphunzitsa ana kumadrasa, anawamvera chisoni.

"Muvutikirenji ndi ulendo wa kwa Amwenye, achimwene? Inki timapanga tokha ife. Mwaye, utomoni, timadzi pang'ono, basi."

Inki ya a Swaibu inali yabwinodi polemba pathabwa ndi kabango, koma peni ya ku Joni itaimwa, m'mawa mwake inapezeka itatsekeka pakhosi. A Andreya anaigwedeza, anaiuzira, anainyengerera ndi mawu aulemu, koma ayi ndithu.

"Mwaidyetsa phala," anatero a Lewis. "Kaitsukeni ndi madzi ozizira mpaka azituluka oyera."

A Andreya anakaitsukira m'kambale pakhonde pa a Swaibu, popeza mlandu unali wa komweko. Mayi awo a Swaibu, amene mutu unkawawawa kuyambira dzulo lake, anaona madzi akudawo n'kuganiza kuti mwana wawo watsuka mawu opatulika pathabwa, monga ankachitira pokonzera odwala mankhwala. Anagugudiza onse.

"Amayi, mmenemo mulibe mawu a Mulungu," anatero a Swaibu. "Munthuyu akadali pa chilembo choyamba."

"Kaya zimenezo. Ine mutu wasiya."

A Andreya anayang'ana peni yawo ndi ulemu watsopano. "Ameneyo ndi A yekha. Ndikadzafika kumapeto kwa dzina, achipatala adzasowa chochita."

Koma vuto lenileni linali dzanja. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akumenya mtengo ndi kasemasema sakhulupirira kuti pali ntchito ina yosafuna mphamvu. Akati alembe, nibu inkatangadza miyendo, pepala n'kung'ambika, chilembo n'kutsala chitagobeka patebulo. A Lewis ankaiwongola nibuyo akubuula.

"Musamaikankhe, bambo, imayenda yokha. Muziigwira ngati usipa wauwisi."

"Usipa ndikaugwira ine umaphwanyika."

"N'chimene ndikunenacho."

Ndiye mkuluyo anachita zimene sizinaonekepo. Anapachika kasemasema kudenga, n'kusiya bwato la anthu lili theka pamchenga. Manja ankawapaka mafuta a nsatsi, n'kumayenda atawatambasula ngati wokwatiwayo ndi iwo. Nkhuni ankawaza ndi a Sara, akudziyankhulira mokweza kuti mudzi wonse umve. Anthu ankaseka, koma a Andreya mantha anali nawo enieni. Ankaopa kuti adzang'amba buku la tchalitchi n'kuchititsa manyazi mwana amene analibe wina womuimira. Anapirira choncho, mpaka tsiku lina dzina linatuluka lonse, lopendekeka ngati nkhokwe ya m'dambo, koma pepala losabooka.

Tsiku la ukwati analowa m'kachipinda ka kuseri kwa guwa atavala jekete yobwereka. Ansembe anawapatsa cholembera cha patchalitchi, koma iwo anapukusa mutu n'kusolola peni yawo. Kunjaku oimba anayambitsa nyimbo yodikirira, ndipo inatha mkuluyo ali pa chilembo chachiwiri. Anayambitsa ina, nayonso inatha. Anaimba zonse zimene ankadziwa, mpaka anafika pa za Khirisimasi mwezi uli Ogasiti. A Andreya, lilime lili kunja, mpweya ataugwira, anakoka mchira wa chilembo chomaliza n'kudzutsa dzanja. Dzina linali pomwepo, lonse, loti aliyense n'kuliwerenga.

Koma nthawi yonseyi peni ija inali ikutenthedwa m'dzanja la thukuta. Inagwetsa dontho limodzi lalikulu pambali penipeni pa dzinalo. A Andreya ataona kuti dontholo likuyenderera kulowera ku zilembo zawo, anachita zimene mmisiri aliyense amachita bwato likayamba kulowa madzi: analitseka ndi chala chachikulu. Pochichotsa, chidindo chinali chitakhala bwinobwino, mizere yonse ikuoneka, kuposa chija cha kalaliki.

Mkuluyo anakhala pabenchi, misozi ili lengelenge, akuyang'ana chala chija ngati chawapereka kwa adani.

"Ndakuonongera buku, mwanawe."

Muriel anawerama n'kuyang'anitsitsa tsambalo.

"Amalume, dzinali ndaliona lero, ndipo ndi lokongola. Koma chalachi n'chimene chinkandichotsera minga m'nsomba ndili mwana. Zisiyeni zonse zikhale."

Ansembe anatenga pepala loumitsira inki n'kuumitsa zonse ziwiri, dzina ndi chala chomwe.

Kuchokera tsiku limenelo a Andreya sankakana unkhoswe. Kaya ndi wachibale kaya ndi wongodziwana naye padoko, iwo ankavomera, bola pakhale posaina, ndipo oimba akamva kuti nkhoswe ndi iwo ankaphunziriratu nyimbo zatsopano. Anabwerera ku mabwato awo, manja anaumanso, koma akafika papepala ankafewa ngati a mzamba. Anamwalira chaka china nthawi yokolola mpunga, atangodwala pang'ono.

Masiku ano maukwati kuno amafulumira. Ankhoswe amangokhwatcha kamodzi oimba asanamalize ndime yoyamba, anthu n'kumatuluka asanamve n'komwe kuti akwatitsa mwana. Amene ankawaseka a Andreya aja ndi amene amawasowa kwambiri, ndipo akamakamba za iwo kuseka kumathera panjira. Muriel, yemwe tsopano ali ndi ana akeake, nthawi zina mapemphero akatha amapempha kuti amutsegulire buku lija. Sawerenga kanthu. Amangoika chala chake pa chidindo cha amalume ake, ndipo mpaka lero chala chakecho chimachepa, sichichiphimba chonse.