Pemphero Walapa ku Lusaka

Inu, sendezani thumba la mtedzalo mukhale pansi, basi ya ku Chipata sibwera msanga. Tamverani za a Joaquim Zuze a kufupi ndi Minga, bambo amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali ndi khasu limodzi ndi buku la nyimbo, nkhondo itatha n'kukana kubwerera. Zaka makumi awiri tsopano akutsogolera kwaya pa katchalitchi ka m'mudzi mwawo, ndipo ndi munthu woti mawu akatuluka pakamwa pawo, ngakhale eni akewo amaopa kuwabweza.

Mwana wawo woyamba, Pemphero, ndiye ankaliza kiyibodi ya kwaya. Loweruka lina anaizembetsa kukaliza paphwando ku Petauke, ndipo Lamlungu m'mawa inabwera ikununkha mowa, mabatani awiri atamatirira. A Zuze anaima pakhomo, mudzi wonse ukumva, n'kunena kuti, "Choka pano. Usabwele mpaka utalapa."

Pemphero anakwera basi ya ku Lusaka, ndipo dzina lake linaletsedwa m'nyumba. Amai Teresa, amene chikwatiwire ankaitana amuna awo kuti atate ake Pemphero, anauzidwa kuti azinena atate ake Chifundo, dzina la mwana wamkazi. Zaka zitatu zinatha choncho. Kumusowa ankamusowa a Zuze, zedi, moti basi ikaima pamsewu ankasiya khasu n'kumayang'ana otsika. Koma mawu anali atatuluka kale.

Tsopano mudziwe kuti kwathu kuno lilime silisiyanitsa R ndi L. Rhoda timamuitana Loda, ndipo amavomera. Ndiye Rhoda yemweyo, amene amapikula salaula, zovala zakaunjika zija, ku Lusaka n'kudzagulitsa pamsika, anakumana ndi a Zuze pachigayo.

"Bambo, mwana wanu ndamuona," anatero Rhoda.

"Ndili ndi mwana mmodzi, ali kusukulu."

"Ndikunena Pemphelo. Masiku ano akulapa."

A Zuze anatula thumba pansi. "Akutani?"

"Akulapa, bambo. Amaimilila pasiteji, anthu mazanamazana akumvetsela. Mpaka watulutsa chimbale, nyimbo khumi ndi ziwili, kulapa kokhakokha."

Rhoda ankanena rapu, nyimbo za achinyamata zija zolankhula mothamanga pamwamba pa ng'oma. A Zuze dzinalo anali asanalimvepo. Iwo anamva kuti mwana wagwada, wavomera machimo ake, komanso pagulu. Misozi inalengeza m'maso, ndipo anafika kunyumba chimanjamanja, ufa atauiwala kuchigayo.

"Amake Chifundo, mwana wathu walapa."

Amai Teresa ankalankhula ndi mwana wawo pafoni Lamlungu lililonse kuseri kwa nkhokwe, ndipo mtundu wa kulapa kwakeko ankaudziwa bwino. Koma aka kanali koyamba m'zaka zitatu kumva amuna awo akunena kuti mwana wathu.

"Bwanji muyambe mwamvela nokha chimbalecho?" anatero mofatsa.

"Iyayi. Anachimwa pagulu, timumvela pagulu. Mbuzi ikabwelela m'khola suiwelenga miyendo."

Mwambi umenewo musaufunefune kwa akuluakulu, anaupeka pomwepo.

Lamlungu mapemphero atatha, a Zuze anaimirira n'kuitana mpingo wonse kuti Lachitatu masana udzamve mwana wolowerera akudandaula. A Josphat Lungu, mphunzitsi wopuma amene wakhala akusirira utsogoleri wa kwaya zaka khumi, Chingerezi amachidziwa, ndipo adzukulu awo nyimbo zoterezi amaziliza tsiku lonse. Anamwetulira n'kunena kuti ali ndi sipika yaikulu, aibweretsa okha, pawilibala.

Lachitatu pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pa a Zuze panadzaza. A Zuze anavala jekete ndi tayi, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Azimayi a bungwe anabwera mu yunifomu, otsogolera awo a Mildred Tembo atanyamula kansalu kopukutira misozi. Anayamba ndi pemphero. Kenako Rhoda analumikiza foni yake kusipika n'kudina.

Inu, ng'oma yoyamba yokhayo nkhuku zonse zinathera m'tchire. Kenako mawu a Pemphero analowa ali paliwiro:

"Ndine Pemzo wa kum'mawa, mwana wa fumbi ndi thonje, ndinafika ndi pulasitiki, lelo akundipatsa mpando."

Zotsatirazo palibe anazigwira. A Mildred anapendeketsa mutu.

"Kodi akumuthamangitsa ndani?"

"Machimo ndi ambili, amai," anayankha a Zuze. "Akapita pang'onopang'ono satha lelo."

"Nanga Pemzo ndiye ndani?"

"Wolapa amasintha dzina. Saulo anakhala Paulo."

Anthu anagwedeza mitu, ena mokayikira. Mkulu wina woimba besi m'kwaya anati iye nyimbo sakuimvamo, akungomva munthu akukangana ndi ng'oma, ndipo ng'oma ikupambana. Mayi wina anati chomwe chikumudetsa nkhawa n'chakuti mwanayo sakupuma, mapapo adzatha.

Nyimbo yachiwiri inali ya atsikana ogulitsa nthochi pamabasi ku Nyimba, ndipo Pemphero ankawatchula mayina mmodzimmodzi. A Mildred ankapinda zala.

"Afika asanu ndi awili, a Zuze."

"Akuulula."

"Koma akuulula mokondwa."

Yachitatu ili pakati, pomwe Pemzo ankalonjeza kuti oimba anzake onse a ku Lusaka awatafuna ngati chiwaya, a Lungu anaimirira, n'kukonza kolala, n'kupempha Rhoda kuti achepetse.

"Mundikhululukile, a Zuze, ine ndi mphunzitsi chabe. Liu limeneli ndi la Chingelezi, limayamba ndi chilembo R. Si kulapa kwa machimo ayi. Ndi mtundu wa nyimbo za m'mabala."

A Mildred anapinda kansalu kawo kouma n'kukabwezera m'chikwama. Chimene chinawapweteka kwambiri a Zuze si manyazi. Masiku asanu onsewo anali atakonza kale m'mutu mwawo pomwe mwana adzakhale, nkhuku imene idzaphedwe, ndi mawu amene adzamuuze. Tsopano zonsezo zinali kuchoka, mpingo wonse ukuonerera.

"Loda, zimitsa," anatero.

Rhoda anachita phuma. M'malo mozimitsa anadina kutsogolo, ndipo nyimbo yachinayi inayamba. Munalibe ng'oma poyamba. Munali mawu a munthu wamkulu, okhuthala, aukali:

"Usa, usa, usabwele mpaka utalapa."

Mitu yonse inatembenukira kwa a Zuze. Pakamwa pawo panali potseka, koma mawu awo anali kutuluka m'sipika ya a Lungu, kubwereza kachiwiri, kachitatu, ng'oma n'kuwalandira. Kenako Pemphero analowa, ulendo uno mosathamanga, moti ngakhale mkulu wa besi uja anamva liwu lililonse:

"Atate anawoloka malile wapansi, buku la nyimbo pamutu. Anandiphunzitsa kuimba ndisanadziwe kumanga nsapato. Za kiyibodi ndinalakwa, atate, sindikana. Munati ndilape, ndalapa, tsegulani chitseko."

N'kubweranso mawu a bambo aja, usa, usa, usabwele. Pofika kachitatu phewa la a Mildred linali litayamba kugwedera lokha, ndipo azimayi awiri oimba alito anali atapeza kale polowera.

"Iyi yokha ili ndi mutu," anatero a Mildred nyimbo itatha, akufunafuna kansalu kaja.

A Lungu anaona kuti nyama ikupulumuka. "Nyimbo ndi yabwino, sindikana. Koma tonse tinalipo tsiku lija. A Zuze ndi munthu wosabweza mawu, ndipo kulapa kumene ananena si kumeneku."

Apa ndiye panali pothina. Akati mwana abwere, a Lungu auza dera lonse kuti mawu a Zuze ndi madzi. Akati asabwere, ndiye zaka zina zitatu zoyang'ana mabasi. A Zuze anatembenukira kwa akazi awo.

"Amake Chifundo, za kubwela mwini wake akuti bwanji?"

"Mailo," anatero amai Teresa.

A Zuze anapumira m'mwamba. "Chabwino. Ndigona nayo nkhaniyi, mailo ndiyankha."

Koma inu alendo mudziwe kuti mailo kwathu kuno ndi mawa, ndi dzulonso.

"Mailo lapitali, bambo," anatero amai Teresa. "Wagona kwa Loda. Ali kuseli kwa nkhokwe."

Ndipo anatulukadi Pemzo wa kum'mawa, wotafuna oimba a ku Lusaka, kapusi ili m'manja, dzanja lina likukweza thalauza kuti ifike pomwe thalauza imakhala. Anafika patsogolo pa bambo ake n'kunjuta pansi.

"Atate."

A Zuze anamuyang'ana. Anaona kuti waonda, ndipo mtima unawawawa. Kenako anatembenukira kwa a Lungu.

"A Lungu, inu munaphunzitsa Chingelezi, ine ndinalankhula Chinyanja. Ndinati alape. Walapa, nyimbo khumi ndi ziwili. Chilembo mukunenacho chibadwile sichinatulukepo pakamwa panga, ndiye sindingabweze mawu amene sindinanene."

A Mildred anayambitsa nthungululu. A Lungu anafunsa ngati pali wina angawathandize kukweza sipika pawilibala.

"Koma iwe," anatero a Zuze kwa mwana wawo, "mawu anga unawatenga kuti?"

"Foni inali kujambula m'thumba tsiku lija, atate. Ndinali kuyesa nyimbo."

"Nanga ine ndinachita chibwibwi liti? Usa, usa, n'chiyani?"

"Ndi makina, atate."

"Ukawauze makinawo kuti ndatsogolela kwaya zaka makumi awili osabweleza liu."

Amai Teresa anaimirira n'kukutumula chitenje. "Atate ake Pemphelo, mwana ali ndi njala."

A Zuze anamva dzinalo, ndipo sanawakonze. Anangofunsa kuti nkhuku zija zathawira mbali iti.

Loweruka lotsatira, pawailesi ina ya kuno panali pulogalamu yoti omvera anene maganizo awo pa chimbale cha Pemzo. Wina wa ku Msanzala anati ndi moto. Wina anati achinyamata amasiku ano amangolankhula, kuimba kunapita ndi makolo. Mtsikana wina wa ku Nyimba anadandaula kuti nthochi amagulitsa ndi iye koma dzina lake mulibe. Kenako inalowa foni ina.

"Ndine womvela chabe wa kufupi ndi Minga, dzina silofunika. Nyimbo khumi ndi imodzi ndi phokoso, mnyamatayo aphunzile kupuma. Koma yachinayi ija, mkulu amene amayamba uja ali ndi mawu. Ameneyo mum'ganizile, akhoza kutulutsa chimbale chakechake."

"Zikomo kwambili, a Zuze," anatero muulutsi.

"Mwandidziwa bwanji?"

"Bambo, foni yanga ikaitana, mumalila ndinu."